Uthenga Uti Unayamba? Mmene Makompyuta Ambiri Amasungira Buku Limodzi

Munthu akatumiza ndalama pa foni, akagula tikiti ya ndege, kapena akalipira katundu ndi khadi ya kubanki, chimene amaona ndi kauthenga kamodzi komuuza kuti zatheka. Koma kuseri kwa kauthengako kumakhala makompyuta angapo, ena m'nyumba imodzi, ena olekana mtunda wa maiko, amene onse ayenera kulemba nkhaniyo m'mabuku awo, ndipo ayenera kuilemba pamalo amodzimodzi pakati pa nkhani zinzake, osaitsogoza ndiponso osaibweza m'mbuyo. Ntchito imeneyi, ngakhale imamveka yopepuka poitchula, yadya nzeru za akatswiri kwa zaka zoposa 40, ndipo kufikira lero ndiyo imene imasiyanitsa makina okhulupirika ndi makina amene tsiku lina adzakanira munthu ndalama zake zomwe, iye ali chiimire pamaso pa wogulitsa.

Kuti tione pamene pagona nkhani, tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi K5,000 m'akaunti mwake. Mwana wake amene ali ku Johannesburg wamutumizira K50,000, ndipo mayiyo, pokhala anauzidwiratu, walipira K30,000 ya mbewu ya chimanga m'kamphindi komweko. Kompyuta imene yalandira uthenga wa mwana poyamba iwonkhetsa K55,000, ivomera malipirowo, n'kulemba kuti kwatsala K25,000. Inzake imene yayamba kulandira uthenga wa mbewu ipeza K5,000 yokha, ikana malipiro, kenaka n'kulemba K55,000. Palibe imene yalakwitsa masamu, palibenso uthenga umene watayika panjira. Chasiyana ndi mndandanda wokha, koma taonani, mabuku awiri a nyumba imodzi akutsutsana, ndipo wogulitsa sakudziwa ngati apereke mbewuyo kapena aibwezere pa shelefu.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osasunga buku limodzi m'kompyuta imodzi kuti mkangano uthe? Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imafa: magetsi amazima, disiki imawonongeka, moto umabuka, ndipo buku limene lili pamalo amodzi limapita nayo limodzi. Kotero amisiri amasunga buku lomwelo m'makompyuta atatu kapena asanu, kuti imodzi ikagwa ena apitirize ntchito. Koma walira mvula walira matope, pakuti amene wachulukitsa mabuku wadzisenzetsanso udindo wakuti mabukuwo anene mawu amodzi. Chitonthozo chilipo chimodzi, ndicho chakuti makina alibe mtima wosinthasintha: makompyuta akayambira pa buku lofanana, nalandira mauthenga omwewo m'mndandanda womwewo, adzathera pa buku lofanana. Chomwecho mlandu wonse umabwerera pa funso limodzi, lakuti uthenga uti unayamba.

Yankho limene limabwera msanga m'mutu ndi wotchi: uthenga uliwonse ulembedwe nthawi imene unatumizidwa, ndipo wa nthawi yakale utsogole. Koma wotchi ya m'kompyuta, imene imayendera kamwala kakang'ono konjenjemera, ingathe kutsogola kapena kutsalira ndi sekondi yathunthu pa tsiku, ndipo ngakhale aikonze kudzera pa intaneti, imasiyanabe ndi inzake ndi mamilisekondi angapo. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, nthawi imene diso silingaione n'komwe, koma m'kanthawi komweko makina a ntchito yaikulu amakhala atalandira mauthenga ambirimbiri.

Amene anakumba nkhaniyi mpaka pa muzu wake ndi Leslie Lamport wa ku America, m'nkhani imene anafalitsa mu 1978 m'magazini ya Communications of the ACM. Iye anaonetsa kuti pakati pa makina olekana, tingathe kunena motsimikiza kuti chinthu china chinatsogolera chinzake pokhapokha ngati zonse ziwiri zinachitika m'kompyuta imodzi, kapena ngati pali uthenga wozilumikiza, pakuti kutumiza kumayamba ndipo kulandira kumatsata. Zochitika zina zonse zilibe mkulu ndi mng'ono mwa chibadwa. Ngati ziti zikhale ndi mndandanda, mndandandawo uyenera kukhala wa pangano. Tsono anapereka njira yake: kompyuta iliyonse isunge nambala, iikweze ndi imodzi pa chochitika chilichonse, iilembe pa uthenga uliwonse wotuluka, ndipo yolandira, ikaona nambala yoposa yake, ilumphire pamenepo n'kuwonjezera imodzi. Nzeru imeneyi, pamodzi ndi zina zimene anazichita pambuyo pake, inamupezetsa mphotho ya Turing ya 2013. Koma inali ndi chilema chimene mwini wake sanachibise: kuti kompyuta itsimikize kuti palibe uthenga wa nambala yaing'ono umene ukadali panjira, inayenera kumva kuchokera kwa anzake onse, ndipo mmodzi akangokhala chete, onse ankaima.

Njira imene makina ambiri amatsata masiku ano ndiyo kusankha kompyuta imodzi kuti ikhale mtsogoleri, monga mlonda wa pakhomo la chipatala amene amagawa timapepala ta manambala m'mamawa, kuti amene wagwira 17 asalowe amene wagwira 16 asanaonedwe, ngakhale onse awiri anafika pachipata nthawi imodzi. Mauthenga onse amapita kwa mtsogoleriyo, iye amawapatsa manambala, ndipo otsatira amalemba motsata manambalawo. Koma mtsogoleri akaleka kuyankha, kodi wafa, kapena wangochedwa, kapena chingwe chaduka pakati? Amene ali tsidya lina sangathe kusiyanitsa zitatuzi, pakuti zonse zimaoneka ngati chete. Akadikira kosatha, ntchito yaima. Akafulumira kudzoza wina, pamene woyambayo akadali moyo ndipo akugawabe manambala, nyumba yagawanika pakati. Mu 1985 Michael Fischer, Nancy Lynch ndi Michael Paterson anatsimikiza ndi masamu kuti vutoli silochokera ku ulesi wa amisiri: ngati palibe malire odziwika a nthawi imene uthenga ungachedwe panjira, palibe dongosolo lokhazikika limene lingalonjeze kuti makina adzamvana nthawi zonse, ngakhale itakhala kompyuta imodzi yokha imene ingathe kufa. Amisiri anzeru anatengapo phunziro lakuti pa malonjezo awiri, lakuti sitidzatsutsana ndi lakuti sitidzachedwa, loyambalo lisungidwe nyengo zonse, ndipo lachiwirilo lisungidwe pamene zingwe zili bwino.

Chimene chimasunga lonjezo loyambalo ndi umboni wa ambiri, ndipo apa pali nzeru imene ine ndimaiyesa yokongola koposa m'nkhani yonseyi chifukwa cha kuphweka kwake. Pa makompyuta asanu, uthenga suyesedwa wokhazikika kufikira atatu ataulemba, ndipo mtsogoleri watsopano sadzozedwa kufikira atatu atamuvomera. Tsono pa asanu, magulu awiri alionse a atatu sangalephere kukhala ndi mmodzi wopezeka konsekonse. Ndiye kuti pakati pa odzoza mtsogoleri watsopano padzakhala mboni imodzi, kapena kuposa, imene inaona uthenga womaliza wokhazikika, ndipo dongosolo limaonetsetsa kuti umboni wake usaponderezedwe. Monga chilamulo cha Mose sichinalole kuti mlandu uimire pa mboni imodzi, chomwechonso makinawa salola mawu a mtsogoleri yekha kukhala choonadi. Ndiponso chingwe chikaduka, n'kusiya awiri mbali ina ndi atatu mbali ina, atatuwo amapitiriza, ndipo awiriwo, ngakhale mtsogoleri wakale ali pakati pawo, sangakhazikitse kanthu.

Nzeru imeneyi inatulukira m'malo angapo m'zaka za m'ma 1980. Ku yunivesite ya Cornell, Ken Birman ndi anzake anapanga pulogalamu yotchedwa Isis, imene pambuyo pake inatumikira pa msika wa masheya wa ku New York ndi m'ntchito yolondolera ndege ku France. Ku MIT, Brian Oki ndi Barbara Liskov anafalitsa njira yawo mu 1988. Lamport naye analemba yake, naifotokoza ngati mbiri ya nyumba ya malamulo ya pachilumba cha Paxos ku Greece, kumene aphungu ankalowa ndi kutuluka mwa kufuna kwawo, koma mabuku awo a malamulo osatsutsana. Anaipereka mu 1990, oiunika sanakondwere ndi fanizolo, ndipo inagona zaka 8 kufikira inasindikizidwa mu 1998. Kampani ya Google itafotokoza mu 2006 za Chubby, gulu la makompyuta asanu loyendera njira ya Lamport ija, yotchedwa Paxos, limene makina ake ena aakulu ankatsamirapo, dziko linazindikira kuti nkhani ya pachilumba ija inali mwala wa pangodya. Ndipo popeza Paxos inali yovuta kuimvetsa ndi kuimanga, Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku Stanford anatulutsa njira yotchedwa Raft mu 2014, m'mene mtsogoleri amatumiza kauthenga ka moyo pafupipafupi, ndipo wotsatira aliyense amadikira nthawi yakeyake yosankhidwa mwa maere, mwachitsanzo pakati pa mamilisekondi 150 ndi 300, asanadziimike pa chisankho, kuti onse asaimirire nthawi imodzi n'kugawana mavoti.

Kuti zimenezi si nthano za m'kalasi, zinaoneka pa 21 Okutobala 2018 ku GitHub, kumene olemba mapulogalamu a makompyuta a dziko lonse amasungako ntchito zawo. Amisiri akusintha chipangizo china cha zingwe za kuwala chimene chinayamba kufooka, nyumba yaikulu ya makina ya kugombe la kum'mawa kwa America inadukidwa kwa nyumba zina za makina kwa masekondi 43 okha. Makina osankha mtsogoleri, amene ankayendera Raft, anachita monga anaikidwira: ambiri otsala anadzoza makompyuta a kugombe la kumadzulo, ndipo zolemba zatsopano zinayamba kupita kumeneko. Koma buku lenilenilo silinkadikira umboni wa ambiri monga chisankho chinkachitira. Kum'mawa kunali zolemba za masekondi ochepa zimene zinavomerezedwa kale kwa eni ake koma zisanafike kumadzulo, ndipo pa gulu lina la makina otanganidwa kwambiri zinalipo 954. Pamene amisiri ankazindikira, kumadzulo nako kunali kutalembedwa za mphindi pafupifupi 40 zimene kum'mawa kunalibe. Mapanga awiri avumbwitsa: buku lililonse linali ndi choonadi chimene linzake linalibe, ndipo panalibe lobwererako popanda kutaya za wina. Iwo anasankha kuteteza zolemba za anthu koposa kufulumira, chisankho chimene ndikuchiyesa cholungama ngakhale chinali chowawa, ndipo ntchito inayenda motsimphina kwa maola 24 ndi mphindi 11.

Tsono tifike pa funso la kukula, limene ndilo likusautsa amisiri a masiku ano. M'ntchito zambiri, katundu akachuluka mumawonjezera onyamula. Koma pano kuwonjezera makompyuta m'gulu limodzi kumaonjezera chitetezo, koma liwiro la kulemba ayi. Atatu amapirira imfa ya mmodzi, asanu ya awiri, asanu ndi awiri ya atatu. Koma mtsogoleri, amene ali mmodzi yekha, ayenera kutumiza uthenga uliwonse kwa onsewo ndi kuwerenga mayankho awo. Akatswiri a ku Yahoo amene anapanga makina otere otchedwa ZooKeeper anayeza zimenezi n'kuzifalitsa mu 2010: ndi makompyuta 3, gululo linkakhoza kulemba pafupifupi nkhani 21,000 pa sekondi, ndi makompyuta 13, linatsikira pa 8,000, pamene kuwerenga, kumene sikufuna pangano, kunakwera kuchokera pa 87,000 kufika pa 460,000. Indetu pa ntchito yolemba, khamu limachedwetsa.

Mankhwala oyamba anali ochepetsa mtolo wa mtsogoleri. Amamanga mauthenga ambiri m'phukusi limodzi kuti avoteredwe kamodzi. Amatumiza phukusi lachiwiri yankho la loyamba lisanabwere. Ndipo ena, monga Robbert van Renesse ndi Fred Schneider mu 2004, anandandalika makompyuta ngati unyolo, woyamba kupatsira wachiwiri, wachiwiri wachitatu, kuti pasakhale mmodzi wolankhula ndi onse. Zonsezi zimathandiza, koma mzere ukadali umodzi, ndipo mzere umodzi sungathamange kuposa kompyuta imodzi ndi chingwe chake.

Kumasuka kwenikweni kunadza pamene amisiri anadzifunsa ngati n'koyenera n'komwe kuti mauthenga onse a dziko aime pa mzere umodzi. Ndalama za mayi wa mbewu uja ziyenera kulembedwa m'mndandanda wake, pakuti zimakhudzana. Koma ngati msodzi wa ku Nkhotakota wagula mafuta a injini m'sekondi yomweyo, palibe amene angavulale ngakhale kompyuta ina itsogoze msodziyo, ina itsogoze mayiyo. Chomwecho buku limang'ambidwa m'zigawo zambiri, chigawo chilichonse ndi kagulu kake ka makompyuta, mtsogoleri wake ndi manambala ake. Pulogalamu yotchedwa Kafka, imene Jay Kreps, Neha Narkhede ndi Jun Rao anaipanga ku LinkedIn n'kuipereka kwa anthu onse mu 2011, imayenda chomwecho: imalonjeza mndandanda mkati mwa chigawo chokha, ndipo mauthenga onse a chizindikiro chimodzi, monga nambala ya akaunti, amagwera m'chigawo chimodzi. Pofika 2019, LinkedIn inkanena kuti mauthenga oposa 7 thiriliyoni ankadutsa m'makina ake a Kafka tsiku lililonse, chiwerengero chimene mtsogoleri mmodzi sakanachisenza.

Koma msodzi uja akatumiza ndalama kwa mayi uja, uthenga umodzi wakhudza zigawo ziwiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuuika pamalo ogwirizana, kuti ndalama zisaoneke zitafika zisanachoke, kapena kuchoka osafika. Njira ina yakale, ya Dale Skeen, imene Birman ndi Thomas Joseph anaifotokoza mu 1987, imati chigawo chilichonse chokhudzidwa chipereke nambala yake, yaikulu mwa izo ndiyo ikhale nambala ya uthengawo, ndipo aliyense aimike uthengawo kufikira onse a manambala ocheperapo atadutsa. Zigawo zosakhudzidwa sizifunsidwa n'komwe. Akatswiri a ku yunivesite ya Lugano ku Switzerland, motsogozedwa ndi Fernando Pedone, akhala akukonza njira za mtundu umenewu kwa zaka zambiri. Komabe uthenga wodutsa malire ndi wodula kuposa wa m'chigawo chimodzi, ndipo ukachuluka, phindu lonse la kugawa limasungunuka. N'chifukwa chake ndikhulupirira kuti luso lalikulu m'ntchitoyi silili m'masamu okha, koma m'kudziwa bwino malonda kapena ntchito imene makinawo akutumikira, kuti mmisiri adule buku pamene nkhani sizikhudzana kawirikawiri. Amene sadziwa mmene anthu amatumizirana ndalama adzadula pakati penipeni pa banja, ndipo makina ake adzatha tsiku akufunsana.

Chotsala ndi mtunda, umene palibe nzeru ingauchotse. Kuwala kumayenda m'chingwe cha galasi pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kotero kuti makilomita 1,000 alionse amadya mamilisekondi 10 popita ndi pobwera. Ndipo pangano lililonse limafuna ulendo umodzi wotere kapena kuposa. Pakati pa Lilongwe ndi London pali makilomita pafupifupi 8,000 molunjika, ndiye kuti mamilisekondi 80 ngakhale chingwe chitayalidwa mowongoka, chimene sichili chomwecho, pakuti zingwe zathu zimayamba zatsikira kunyanja kudzera m'maiko oyandikana nafe, n'kuzungulira gombe. Ndiponso zingwe zimaduka, monga zinachitikira pa 12 Meyi 2024, pamene zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka pansi pa nyanja ndipo intaneti inafooka m'maiko a kum'mawa kwa Africa, Malawi ali m'gulu. Eric Brewer ananena mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch anatsimikiza mu 2002, kuti pa tsiku lotere makina ayenera kusankha chimodzi: kuyankha aliyense ngakhale mabuku asiyane, kapena kusunga buku limodzi ndi kukana kutumikira amene ali mbali yochepa.

Google, m'makina ake otchedwa Spanner amene inawafotokoza mu 2012, inabwerera kwa wotchi imene Lamport anaikayikira, koma inabwerera modzichepetsa. M'nyumba zake za makina inaikamo mawotchi a atomu ndi zolandirira nthawi kuchokera ku masetilaiti a GPS, ndipo kompyuta ikafunsa nthawi, siuzidwa nambala imodzi koma malire awiri, akuti nthawi yeniyeni ili penapake pakati pa apa ndi apa. Chikayiko chimenecho kawirikawiri chinali cha mamilisekondi pakati pa 1 ndi 7. Tsono mtsogoleri wa chigawo akapatsa nkhani nthawi yake, saulula kuti yatheka kufikira atatsimikiza kuti nthawiyo yapitadi pa mawotchi onse; amadikira dala, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwa kudikira kwa kamphindi kameneko, nkhani ziwiri zolembedwa m'zigawo zosiyana, ngakhale kutsidya kwa nyanja, zimakhala ndi mndandanda woona popanda atsogoleri awo kufunsana, pamene mkati mwa chigawo chilichonse Paxos ikugwirabe ntchito yake yakale.

Kwa mabanki, makampani a mafoni ndi maofesi a boma a kuno kwathu, amene tsopano akusunga ndalama ndi maina a anthu mamiliyoni m'makina, funso lakuti mabuku atatu aja aikidwe kuti ndi lolemera kuposa mmene limaonekera. Akaikidwa onse m'chipinda chimodzi, pa nthambo imodzi ya magetsi ndi jenereta imodzi, amamvana mwachangu, koma tsoka limodzi limawatenga onse. Awiri akaikidwa kutsidya kwa nyanja, malipiro alionse a pamsika adzadikira ulendo wa kuwala, ndipo tsiku loduka chingwe, kompyuta imene ili kwathu ndiyo idzakhale mbali yochepa, yoyenera kukhala chete. Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe pali makilomita pafupifupi 300 pa msewu, ndiye kuti mamilisekondi ochepa chabe popita ndi pobwera, ndipo Mzuzu ali kumpoto pa mtunda wosasiyana kwambiri ndi umenewo; mizinda itatu yotere, ikakhala ndi magetsi odalirika payokhapayokha ndi zingwe zoposa chimodzi zoyenda njira zosiyana, ingathe kusunga umboni wa ambiri mkati mwa dziko, ngakhale pa tsiku limene njira ya kunyanja yatsekeka.